Mmene mungapitire ku Durban kukaona nyanja ya mchere kwa masiku atatu muli ku Joni

Abale anga amene muli kuno ku Joni, ndikuwudziwa bwino moyo wathu: kudzuka kudakali mdima, kuthamangira takisi, ntchito tsiku lonse, kubwerako utatheratu, mwezi ukatha lendi, kenako pa Mukuru kutumiza za feteleza ndi fizi ya ana kumudzi, basi ndalama yatha tayambanso kuwerenga masiku. Ine ndinakhala choncho zaka 6 ku Rosettenville osaionako nyanja ya mchere ndi maso anga, chonsecho Durban ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 570 okha, kufupi kwambiri mukayerekeza ndi ulendo uja timayenda pobwera kuno wodzera ku Mwanza, Tete mpaka Beitbridge. Tsiku limene ndinaima pa mchenga uja koyamba mtima unandiwawa kuti ndinachedweranji. Pano ndapitako katatu, ndiye ndati ndikulongosolereni bwinobwino mmene mungachitire kuti nanunso mukafikeko osawononga ndalama zambiri komanso kubwerako muli bwino.

Choyamba penipeni ndi kusankha masiku. Ambiri amathamangira Disembala chifukwa ndi pamene mabwana amatseka, koma ine ndikukuuzani kuti ngati ndi ulendo wanu woyamba Disembala musiyeni kaye. Kuyambira pa 16 Disembala mpaka tsiku la Nyuwere Joni yense amatsikira ku Durban, malo ogona amakwera mtengo, matikiti a basi amatha, kugombe anthu amachita kupondana moti mwana akangokupulumuka m'manja mumusaka mpaka madzulo, ndipo kutentha kwake ndi kwa chinyontho ngati kwa ku Nsanje nthawi ya dzinja. Nthawi yabwino ndi kuyambira Epulo mpaka Seputembala. Kuno ku Joni tikuzizidwa mpaka kugona ndi majekete, ku Durban masana kumakhala kadzuwa kabwino ndipo madzi ake sazizira ngati a ku Cape Town, chifukwa amachokera mbali ya ku Mozambique ali ofunda. Onani pa kalendala maholide a boma monga 27 Epulo, 1 Meyi, 16 Juni, 9 Ogasiti ndi 24 Seputembala, paja holide ikagwa Lamulungu amaipititsa Lolemba ndiye mumapeza wikendi yaitali osapempha tsiku kwa abwana. Ingopewani wikendi ya mpikisano wothamanga wa Comrades mu Juni ndi Loweruka loyamba la Julayi pamene kumakhala mpikisano wa mahatchi wa Durban July, masiku amenewo zipinda zimadzaza.

Abwana kapena amadamu auzeni msanga, mwezi wathunthu usanafike ulendo. Ndanena izi chifukwa ambiri a ife timagwira m'nyumba za anthu, m'magadeni ndi m'malesitilanti komwe ukangosowa tsiku limodzi mosauza umapeza wina walowa kale pamalo pako.

Chachiwiri ndi mapepala, ndipo apa sindikufuna kuzungulira. Msewu wa N3, wochoka ku Joni kupita ku Durban, umakhala ndi ma rodibuloko makamaka nthawi ya maholide, apolisi amatha kukwera m'basi n'kuyamba kufunsa mapasipoti mpando ndi mpando. Tengani pasipoti yeniyeniyo yokhala ndi pemiti kapena masiku amene sanathe, muikenso chithunzi chake mufoni ndi fotokope m'chikwama china. Ku hotela ndi ku malo ogona ambiri amafunanso pasipoti polembetsa. Ngati mapepala anu sali bwino, yambani mwakonza zimenezo, nyanja siithawa. Oyenda ndi ana musaiwale zikalata zawo zobadwira.

Kenako ndalama. Ine ndinkapatula R400 mwezi uliwonse m'ka envulopu kwa miyezi ingapo, osaikhudza ngakhale kubwere foni ya kumudzi, pokhapokha atakhala matenda kapena maliro. Bajeti yanu igaweni panayi: thiransipoti yopita ndi kubwera, pogona mausiku awiri, chakudya ndi zolowera m'malo, ndiyeno kandalama kapadera kangozi kamene simukagwiritsa ntchito pogula zovala. Mukapita anthu atatu kapena anayi zimapepuka kwambiri chifukwa chipinda ndi Uber mumagawana. Koma sonkhanitsani ndalamazo musanalipire chilichonse, anthu amavomera ndi pakamwa tsiku likayandikira n'kuyamba kuzimitsa mafoni.

Pa nkhani ya pogona ndiima pang'ono chifukwa mpamene anzathu ambiri amalirira. Mchemwali wina amene timapemphera naye anaona fulati yokongola pa intaneti, zithunzi zake nyanja ikuoneka pawindo, mtengo wotsika modabwitsa, munthuyo akulankhula mwaulemu n'kumati tumizani dipoziti lero chifukwa pali enanso akuifuna. Anatumiza. Atafika ku Durban ndi ana awiri m'mawa, nambala ija sinkapezekanso ndipo alonda a pa nyumbayo anati dzina limenelo salidziwa. Ndiye chonde, musatumize ndalama kwa munthu amene mwangomupeza pa intaneti. Bukitsani kudzera pa Booking.com, Airbnb kapena LekkeSlaap, werengani zimene alemba anthu amene anagonapo makamaka za miyezi yaposachedwa, ndipo adilesiyo muiike pa Google Maps muone ngati ilikodi. Kumbali ya dera, North Beach ndi pabwino kwa munthu wopanda galimoto chifukwa mukangotsika masitepe mwafika kugombe. South Beach ndi yotsikirako mtengo koma misewu ya kuseri kwake, makamaka mbali ya Mahatma Gandhi Road imene akale amaitchabe Point Road, si yoyendamo usiku. Morningside ndi Berea ndi kwabata, kuli ma gesitihausi ambiri, kungoti kugombe mudzafunika galimoto. Umhlanga ndi kokongola zedi koma mtengo wake ndi wa anthu a ndalama zawo. Ngati mungapeze malo okhala ndi kakhitchini tengani amenewo, kunyamula kaufa pang'ono n'kuphika nsima madzulo kumapulumutsa ndalama zambiri. Ndipo ngati muli ndi m'bale ku Durban, paja a Malawi aliko ambiri ku Sydenham, Overport, Clare Estate ndi madera ena, mufunseni bwinobwino ngati malo alipo, osangotulukira ndi zikwama pa munthu amene akukhala m'kachipinda kamodzi.

Tikiti ya basi gulani pakadali masabata awiri kapena atatu. Mabasi a Intercape, Greyhound, Intercity Xpress, Eagle Liner ndi ena amanyamukira pa Park Station, ndipo matikiti mutha kugula pa intaneti kapena pa kauntala ya Money Market mu Shoprite ndi Checkers. Gulani yopita ndi yobwerera nthawi imodzi. Ulendo umatenga maola 8 kapena kuposerapo malinga ndi mmene msewu ulili. Njira imene ine ndimaikonda ndi kukwera ya usiku Lachisanu mutaweruka, kumakucherani muli ku Durban ndiye mwapulumutsa ndalama ya chipinda usiku umodzi. Koma pobwerera kwerani ya masana kuti muone dziko, mukadutsa Pietermaritzburg, Mooi River, kenako kukwera phiri la Van Reenen kumene KwaZulu-Natal imakumana ndi Free State, mapiri a Drakensberg akuonekera chapatali. M'basi ya usiku nyamulani kabulangete ndi sokosi, cha ku Harrismith kumazizira koopsa, mu Seputembala 2024 chipale chinagwa mpaka kutseka msewu anthu n'kugona m'magalimoto. Ndege nayo ilipo, ola limodzi lokha kuchoka ku OR Tambo kapena Lanseria, ndipo mukabukitsa msanga nthawi zina FlySafair imatsika ndithu, kungoti bwalo la King Shaka lili makilomita pafupifupi 35 kumpoto kwa tauni ndiye muwerengerenso ya galimoto yokufikitsani.

Zonyamula musachulutse, ndi masiku atatu okha. Kabudula kapena zosambira, chitenje chimene chimagwira ntchito ya mphasa, thaulo ndi chodzitchinga posintha, masilipasi, chipewa, chaja ndi pawabanki, kapepala kapulasitiki kotsekeka koikamo foni. Mafuta oteteza kudzuwa musawanyoze kuti ndi za azungu, dzuwa la kugombe limasupula mapewa ngakhale ife akuda, makamaka ana.

Mukatsika pa Durban Station m'mamawa musatuluke panja n'kuyamba kuyenda wapansi ndi zikwama foni ili m'manja. Itanani Uber kapena Bolt mudakali mkati, onani nambala ya galimoto ngati ikufanana ndi ya pafoni musanakwere. Malo ogona ambiri amapereka chipinda cha m'ma 2 koloko masana, ndiye apempheni akusungireni katundu, pasipoti ndi ndalama zochepa zikhale pathupi, inu lunjikani kugombe.

Ngati mwafika dzuwa lisanatuluke mwachita mwayi. Durban inayang'ana kum'mawa ngati Senga Bay kapena Nkhata Bay, ndiye dzuwa limatuluka m'madzi momwemo, lofiira ngati moto. M'mawa wanga woyamba ndinapeza a mpingo wa Zioni atavala zoyera ndi zobiriwira ali m'madzi mpaka m'chiuno akubatiza, ng'oma ikulira pansipansi, amayi ena akutunga madzi a m'nyanja m'zigubu kuti apite nawo kwawo, pomwepo anyamata a mabolodi awo akuthamangira mafunde ndipo agogo achimwenye akuyenda ndawala awiriawiri. Ndinagwira madzi aja ndi chala n'kulawa, mchere wake ndi weniweni woposa wa mu ndiwo. Tsiku loyambali musadzipanikize, ingoyendani pa msewu wa oyenda pansi wa m'mbali mwa nyanja umene amautcha Golden Mile. Unayambira ku uShaka kum'mwera n'kumapita mpaka ku Blue Lagoon kumene mtsinje wa Umgeni umathira m'nyanja, ndipo ndi waulere. Pali obwereketsa njinga, pali anyamata oumba zinthu ndi mchenga amene mukawajambula mumawaponyera kenakake, palinso abambo okoka ma rikisho ovala zisoti zazikulu za mikanda ndi nyanga. Amenewa gwirizanani nawo mtengo musanakwere kapena kujambula, ndi ntchito yawo imene amadyera. Mukafika chakumpoto muliona bwalo la Moses Mabhida ndi uta wake woyera wokwera m'mwamba mamita 106, pamene Spain inachinya Germany 1-0 mu semifainolo ya World Cup ya 2010.

Tsopano nkhani imene ndikufuna muimvetsetse kuposa zonse, ya kusamba. Ife a ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Karonga timadzidalira kuti tinakulira m'madzi, koma nyanja iyi si Nyanja ya Malawi ayi. Kwathu mwera ukaleka madzi amagona, kuno mafunde saleka usana ndi usiku, ndipo madzi amakwera n'kutsika kawiri pa tsiku moti pamene mwayala chitenje pouma pakatha maola awiri pakhoza kukhala pamadzi. Choopsa kwambiri ndi mkokomo wobwerera. Mafunde akamakankhira madzi kumtunda, madziwo amafuna njira yobwererera ndiye amasonkhana pa kampata kamodzi n'kumathamanga kulowera kwakuya ngati mtsinje, ndipo chonyenga chake n'chakuti pamalo pamenepo mpamene pamaoneka pabata, popanda thovu, madzi ake oderako. Munthu wosadziwa amasankha pomwepo. Ndiye lamulo ndi limodzi, sambani pakati pa mbendera ziwiri zofiira ndi zachikasu zimene opulumutsa anthu amazika pamchenga, akaimba wezulo mverani, akachotsa mbendera madzulo nanunso tulukani. Zikachitika kuti madzi akukukokani musalimbane nawo kufuna kubwerera molunjika kumtunda, mutopa msanga. Dziyandamitseni, kwezani dzanja limodzi m'mwamba kuti akuoneni, ngati mphamvu zilipo sambirani cham'mbali motsata gombe mpaka mutatuluka mumkokomowo. Musalowe m'madzi mutamwa mowa, ndiponso mowa kugombe ndi woletsedwa apolisi amalanda. Musasambe usiku kapena mbandakucha, komanso musasambe ndi jinzi kapena siketi yaitali chifukwa zikanyowa zimalemera. Mwana mugwireni dzanja ngakhale madzi ali m'mawondo, funde limodzi limagwetsa munthu wamkulu.

Za nsomba zoopsa za shaki musade nazo nkhawa kwambiri, magombe osambirako ali ndi zotchinga zimene a KwaZulu-Natal Sharks Board amayang'anira, koma nthawi ya Juni ndi Julayi pamene nsomba zazing'ono za sadini zimadutsa mwaunyinji amatha kuzichotsa n'kuletsa kusamba masiku ena. Chinanso, chichitikireni madzi osefukira a mu Epulo 2022 amene anawononga mapaipi a zonyansa, magombe ena amatsekedwa nthawi ndi nthawi madzi akapezeka ndi tizilombo, makamaka mvula ikagwa yambiri. Khonsolo ya mzinda wa Durban, yotchedwa eThekwini, imalengeza magombe otsegula, ndipo opulumutsa anthu aja mukawafunsa amakuuzani. Mukaona tinthu tabuluu tonga timabaluni tili mbwee pamchenga musatigwire, timaluma ngati moto. Zinthu zanu musazisiye zokha, wina azitsala pa chitenje mukusinthana. Nambala ya ngozi pafoni ya m'manja ndi 112, ya apolisi 10111.

Tsiku lachiwiri m'mawa pitani ku uShaka Marine World imene inatsegulidwa mu 2004. Apa mpamene padye ndalama yambiri pa ulendo wonse koma ngati muli ndi ana musawamane. Malo oonerako nsomba anawamanga ngati sitima yakale yomira, mumatsikira pansi mumdima n'kumaona shaki ikudutsa kuseri kwa galasi pafupi ndi nkhope yanu, akamba akuluakulu a m'nyanja, ndi tinsomba tamitundu tokumbutsa mbuna za ku Cape Maclear. Onani nthawi ya masewero a ma dolphin mukangolowa kuti mukapeze pokhala. Tikiti ya nsomba ndi ya malo otsetserekera m'madzi ndi zosiyana, pali ina yophatikiza, ndiye sankhani malinga ndi thumba ndipo muonenso masiku amene amatsegula chifukwa kunja kwa nyengo ya holide mbali ina imatha kutsekedwa mkati mwa sabata.

Masana lowani m'tauni mukadye bunny chow. Ndi buledi wosadula amene amamudula chigawo, kuchotsa zofewa zamkati n'kuthiramo ndiwo za curry za nyama ya nkhosa, nkhuku kapena nyemba. Poitanitsa mumangoti quarter mutton kapena quarter beans. Amadya ndi manja ngati nsima, kuyamba ndi chofewa chija kusunsa mu msuzi kenako kumanyema m'mbali kutsika pansi. Tsabola wake ndi woopsa ngakhale kwa ife ozolowera kambuzi, ndiye ana apempherani wosawawa. Chakudyachi ndi cha amwenye a ku Durban amene makolo awo anayamba kufika mu 1860 kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe, ndipo malo ambiri ogulitsa ndi a halaal, abale athu achisilamu simuvutika. Chapafupi pomwepo pali msika wa Victoria Street wa zokometsera ndiwo, mikanda ndi mphatso zotengera kunyumba, ndi mzikiti waukulu wa Juma Masjid pa Dr Yusuf Dadoo Street, moyandikana ndi tchalitchi cha Katolika cha Emmanuel Cathedral. Dera limeneli ndi lothithikana, pitani masana, foni m'thumba lakutsogolo, tcheni ndi ndolo zagolide zisiyeni kuchipinda, ndipo kumbukirani kuti Lamulungu mashopu ambiri amatseka msanga. Kuno ndi kwa Azulu, Chizulu chimene mwatola ku Joni chikuthandizani, sawubona ndi ngiyabonga zimatsegula mitima. Tonse tikukumbukira zimene zinachitikira alendo ku Durban mu 2015 ndi 2019, a Malawi ambiri anathawa m'nyumba zawo, ndiye musananyamuke mverani nkhani ndi kufunsa anzanu a kumeneko mmene zinthu zilili, ndipo m'makomboni musapiteko nokha popanda wokudziwani. Ine maulendo onse atatu ndinalandiridwa bwino.

Mukatopa ndi phokoso kwerani galimoto mukapume ku Durban Botanic Gardens, munda wa mitengo umene unayamba mu 1849, kulowa ndi ulere. Kuli mthunzi, kapinga, kadziwe ka mbalame, mutha kukhala ola lathunthu ana akuthamanga. Madzulo ake bwererani kugombe mukaone magetsi a sitima zikuluzikulu zitandandalika panyanja kudikira kulowa padoko, ine zinandikumbutsa nyali za asodzi a usipa usiku wopanda mwezi kwathu, ndipo ndinaganiza kuti magalimoto ena a ku Japan amene akuyenda ku Lilongwe ndi Blantyre anatsikira pa doko lomweli.

Tsiku lachitatu limakhala lalifupi ndiye sankhani chimodzi. Okonda zithunzi pitani ku Umhlanga m'mawa, mphindi 20 kapena 30 pagalimoto, mukajambulitse pa nsanja yowunikira sitima yofiira ndi yoyera ya mu 1954 ndi pa kamlatho kolowa m'nyanja kokhala ngati nthiti za namgumi. Koma ine ndikanakonda mupite ku Inanda. Kumeneko kuli Phoenix Settlement imene Gandhi anayambitsa mu 1904, ndi sukulu ya Ohlange ya John Dube, pulezidenti woyamba wa chipani chimene pano ndi ANC, munthu amene mbiri yake imafananako ndi ya John Chilembwe wathu, onse anakaphunzira ku America n'kubwerera kudzatsegula sukulu zophunzitsa anthu akuda kudzidalira. Pa sukulu imeneyi mpamene Nelson Mandela anaponyera voti yake pa 27 Epulo 1994, manda a Dube ali pomwepo. Ku Inanda pitani ndi munthu woperekeza alendo kapena dalaivala amene mwagwirizana kuti akudikirani, chifukwa kupeza galimoto yobwerera pafoni kumavutirapo, a pamalo pamene mukugona atha kukulumikizani ndi wodalirika.

Chipinda amafuna mutuluke cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndiye longedzani usiku, zovala zonyowa muzitsuke ndi madzi a pampopi kuchotsa mchere n'kuziika mu jumbo yakeyake. Pa siteshoni fikani kudakali mphindi 45, ndipo sankhani basi yoti ikakufikitseni pa Park Station kusanade kwambiri kuti mukapeze takisi ya kwanu ndi kugona mokwanira musanalawirire kuntchito. Jekete muliike pamwamba m'chikwama cha m'manja, mukangokwera Van Reenen mulifuna.